Pampu ya pa Nambala 14

"Ubwerezenso zimene wanenazo."

Mawu amenewa, a mwamuna wa pa Nambala 14, anadutsa khoma nthawi ili folo koloko m'mawa, ine ndikuthira tiyi wa amuna anga m'fulasiki. Makoma a nyumba za dera lathu lino la Griya Kenanga ndi a njerwa imodzi. Mnzako akayetsemula ku Nambala 14, iwe ku Nambala 15 umapukuta kumaso. Ndiye musandinene kuti ndine wamakutu aatali, zinkandipeza zokha.

Mkazi wake, Wartini, anabwerezadi. Anati pampu yamadzi ija anaipereka yekha kwa Pak Engkos (kuno bambo timati Pak, mayi timati Bu), wogula zitsulo zakutha, chifukwa inali itafa kalekale ndipo inkangodyedwa ndi dzimbiri pakhonde. Anati lero ndi tsiku lachitatu munthu ali gone kuchipatala, unyolo wa apolisi uli kumwendo, akutchedwa wakuba chifukwa cha chinthu chimene anachita kupatsidwa.

"Ndiye ukufuna nditani, ndikamuimbire nyimbo?" anatero mwamuna wake, Darmaji. Munthu ameneyu sankakweza mawu. Akayamba kulankhula motsitsa chonchi, umadziwa kuti dzanja layandikira.

"Ndikufuna ndikanene zoona kupolisi, Mas, amuna anga. Mawu awiri okha, amumasule."

"Mawu awiri. Tamvera, Tini, pakuti kusukulu unkapita kukasewera. Ukanena kuti sanabe, ndiye kuti amene anamumenya aja ndi zigawenga. Ndi angati? Pak Sobari, Jajang wa pageti, anyamata a njinga, theka la amayi a kuno ku Blok C. Apolisi akatsegula mafoni awo apezamo mauthenga a ndani? Ukufuna undichotsetse ntchito, undilowetse m'ndende, chifukwa cha wotola zinyalala?"

"Ali ndi ana anayi."

"Ndinabereka ndine?"

"Ndikagona ndikumamuona, Mas. Anandithokoza kawiri asanainyamule. Inu simunalipo, simunamve mmene fupa lija linalirira. Mlandu suola."

"Mlandu suola, koma pakamwa pamatupa."

Anakweza wailesi. Ndi mmene ankachitira, chifukwa anali munthu wosamala mbiri yake ndipo sankafuna kuti apanja amve. Mbama yoyamba ndinaimva pamwamba pa nyimbo, kenako yachiwiri, kenako thupi linagunda khoma mpaka kalendala yanga inagwa pamsomali. Wartini sanalire, ankangopuma mwamphamvu. Ndinayang'ana amuna anga, a Tohir. Iwo ankamanga zingwe za nsapato, ndipo anangoti, "Za eni, Koyah."

Ndewuyo inatha mwadzidzidzi, koma osati chifukwa cha chisoni. Sitima yoyamba imanyamuka kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane faifi, ndipo ukaiphonya umaima ndi mwendo umodzi mpaka ku Jakarta. Kuno ngakhale kumenya mkazi kumayendera nthawi ya sitima. Geti linalira, njinga yamoto inabangula, amuna anganso anatsatira.

Pofika faifi koloko tauni yathu imakhala itakhuthuka. Aliyense wa miyendo yolimba amathamangira kusiteshoni, kukapanikizana maola awiri, n'kubwerera mdima utagwa, tulo tili m'maso. Kuno amangobwera kudzagona ndi kudzachapitsa malaya. Masana timatsala ife: amayi osoka ngati ine, madoda opuma pantchito, anyamata a njinga zamoto odikira makasitomala pageti, ndi amphaka. Maina sitivutika nawo. Timangoti a Nambala 9 agula firiji, a Nambala 22 mkazi wawathawa.

Darmaji ndi Wartini anali atakhala nafe miyezi isanu ndi itatu, koma nkhope ya mwamunayo ndinali ndisanaionepo. Ankatuluka kusanache atavala helemeti ndi kansalu kotchinga pakamwa, monga amachitira okwera sitima ambiri, n'kubwera momwemonso. Loweruka ankagwira ntchito. Lamulungu ankagona tsiku lonse makatani ali otseka, ndipo tikamalambula ngalande mwezi ndi mwezi ankatumiza mkazi wake ndi paketi ya fodya ndi nthochi zokazinga. Mapemphero a Lachisanu ankachitira ku Jakarta komweko. Ngakhale mapepala olembetsera m'dera anakapereka ndi Wartini. Ine ndinkamudziwa mawu okha.

Koma pa gulu lathu la pafoni anali katakwe. Chithunzi chake pamenepo chinali cha tambala wandewu. Njinga ziwiri zitabedwa mu Blok C, ankalemba ali m'sitima, chala osatopa. Ndiye anabweretsa maganizo akuti aliyense woona mlendo m'mpanda wa munthu aziliza mzati wamagetsi ndi mwala, onse azituluka. Ndiye anagulanso mapaipi achitsulo asanu ndi limodzi n'kuwatumiza kukanyumba ka mlonda. Uthenga wake wina ndimaukumbukira mpaka lero: "Wakuba sasowa chonena. Musamupatse mpata. Yambirani pakamwa, mafunso akafunsa apolisi." Anthu anayamikira kuti uyu ndiye mwamuna, ndi ine ndemwe ndinayamikira.

Mzati wamagetsi uja uli pafupi ndi zenera langa, ndipo makina anga osokera ali pazenera pomwepo. Choncho mwala anapatsa ine. Pak Sobari, wapampando wa dera lathu, ananena pamsonkhano kuti Bu Koyah ndiye maso a Blok C, ndipo ndinanyada sabata yathunthu.

Pak Engkos ankakhala m'mudzi wa kuseri kwa khoma lalikulu lotizungulira. Pamene pali nyumba zathuzi panali minda ya mpunga ya makolo awo, koma zimenezo sitikonda kuzikumbuka. Zaka ndi zaka ankadutsa m'misewu yathu ndi kangolo kokankha, akuitana zitsulo zakutha, makatoni ndi mabotolo. Ine ndemwe ndinamugulitsapo miyendo ya makina anga akale. Koma Lachiwiri limenelo nditamuona akutuluka m'mpanda wa Nambala 14, pampu ili pachifuwa, mwini nyumba sakuoneka, mutu wanga unangoti wakuba. Ndinatola mwala n'kuliza mzati. Akulu amati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo wosafunsa ndinali ine, phula anadya wina.

Jajang anafika woyamba ndi paipi, ndipo anayambiradi pakamwa. Pak Engkos anali atangoyamba kufotokoza, mawu otsalawo anatuluka pamodzi ndi mano. Anagwa chagada, pampu inamuphwanya phazi. Anyamata a njinga anamuzungulira. Anakweza mkono kuti atchinge mutu, paipi inauthyola pawiri. Amayi amene timapemphera nawo Lachinayi lililonse ankamukwapula ndi mipini ya matsache. Pak Sobari, munthu wa matenda a shuga amene amalephera masitepe atatu a mzikiti, tsiku limenelo anapeza mphamvu zopondera munthu nthiti.

Wartini anatuluka thovu lili m'manja. Ankachapa kuseri, mpopi uli wotsegula. Anakuwa kuti, "Ndamupatsa ndine, musiyeni!" Anakuwa katatu. Gulu likalusa lilibe makutu. Mayi wina anamukumbatira n'kumamutonthoza kuti asalire, pampu yake yapezeka. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinamva bwinobwino. Mwala unali udakali m'manja mwanga, ndinangoubisa m'thumba la epuloni.

Apolisi asanafike, Wartini anaimbira foni mwamuna wake. Sindikudziwa chimene anauzidwa, koma wapolisi atamufunsa ngati pampuyo inali yake, anangogwedeza mutu kuvomera n'kulowa m'nyumba. Madzulo ake tambala uja analemba pagulu kuti akuthokoza anansi ake olimba mtima, ndipo tsopano azipita kuntchito mtima uli m'malo.

Tsiku la mbama lija, dzuwa litakwera, ndinamupitira Wartini ndi madzi ofunda ndi kansalu. Diso lakumanzere linali litatsekeka. Ndinkamuthowa uku ndikumulangiza monga mayi wamkulu: kuti banja ndi kupirira, kuti apolisi adzaona okha kuti pampuyo ndi yakufa, kuti m'dera muno tiyenera kukhala ngati mavu amene anapangana kuning'a pamimba. Ndinkalankhula zokoma, koma chimene ndinkateteza chinali khosi langa.

Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Bu Koyah, inu munandimva tsiku lija."

"Panali phokoso, mwananga."

"Munandiyang'ana m'maso."

Ndinafinya kansalu kaja ngakhale kanalibenso madzi, n'kumuuza kuti ndasiya mpunga pamoto.

Sindinali ndekha amene ndinamva. Lamulungu lake Pak Sobari anabwera pageti la Nambala 14 atavala malaya a kuukwati, akuti akufuna kucheza pang'ono ndi bambo wa nyumba. Wartini anati agona. Pak Sobari anaima pamenepo akuzungulira nkhani ngati wosenda chinangwa, akuti anthu ena akumva manong'onong'o, akuti mudzi ndi umodzi, akuti akazi amakhala ndi mitima yofewa ndipo mtima wofewa umagwetsa dera. Ali m'kati molankhula foni yake inalira m'thumba. Unali uthenga wa Darmaji wochokera kuchipinda, masitepe khumi kuchokera pamene anaima: "Musadandaule, Pak. Zapanyumba panga ndikonza ndekha." Mkuluyo anawerenga, anamwetulira, n'kubwerera kwawo wokhutira.

Madzulo amenewo ndinayesa kuwauza amuna anga kuti mwina munthu uja sanabe. Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene ali ndi tsiku limodzi lokha lopuma. Anati iwo sanalipo, sanaone kanthu, ndipo ine ndisamaiwale kuti mwala unali m'manja mwa ndani. Anapempha kuti ndiwasitire yunifolomu, nkhani inathera pomwepo.

Sabata yachiwiri kangolo kaja kanabweranso, akukankha mkazi wa Pak Engkos, Bu Entin, kamayi kowonda kovala patapata zosiyana mitundu. Jajang anamukaniza kulowa. Iye sanakangane naye, anangokhala pansi pambali pa geti lalikulu kuyambira m'mawa, mpaka Wartini anatuluka kukagula ndiwo kwa wogulitsa masamba amene amaima pamenepo. Ine ndinali pomwepo ndikusankha zitheba.

Bu Entin sanatukwane. Bwenzi zili bwino akanatukwana. Anati madokotala akuti mkono uja sudzagwiranso ntchito, ndipo apolisi akuti Lachisanu la sabata yamawa nkhani ipita kukhoti. Ikapita kumeneko popanda mboni, ndi zaka. Anati ana akudya kwa anansi.

"Bambo awo sakutha kulankhula bwino, Bu, pakamwa anawasoka. Koma dzulo anandiuza kuti ndisadandaule. Akuti mayi wa nyumba ija ndi munthu wabwino, anawapatsanso madzi akumwa. Akuti mubwera ndithu."

Wartini anagwira dzanja la mayiyo ndi manja awiri, matimati ake anagubudukira m'ngalande. Koma wina anali atawajambula ndi foni, ndipo dzuwa lisanapendeke chithunzicho chinali pagulu, pansi pake palembedwa kuti, "A Nambala 14, mkazi wanu akucheza ndi ndani?" Tambala uja sanayankhe, ndipo aka kanali koyamba.

Yankho ndinalimva m'mawa mwake. Ulendo uno anatenga lamba, mbali yachitsulo. Ndinawerenga mpaka khumi ndi kawiri, ndinasiya. Ankamenya uku akufunsa motsitsa, "Wamva, Tini? Wamva?" Wartini analankhula kamodzi kokha, kuti amuphe ngati akufuna, koma pampu anapereka ndi iye. Kenako ndinamva mutu ukugunda khoma, kawiri, ndipo pulasitala anayoyokera pamphika wanga. Amuna anga anatuluka osamwa tiyi. Ine, maso a Blok C, amene ndinaliza mzati chifukwa cha pampu yakufa, ndinakhala pamakina n'kuyamba kusoka kuti ndisamve. Mwala unali pazenera pomwepo. Za wakuba tinapangana, koma za mwamuna womenya mkazi wake sitinapangane.

Potuluka anakiya chitseko, pageti anakolekapo loko watsopano wamkulu ngati chibakera, makiyi onse n'kuponya m'chikwama chake. Foni anamusiyira kuti azimuimbira ola lililonse kumva ngati ali m'nyumba. Zinakhala choncho pafupifupi sabata yathunthu. Ndiwo ndinkamupatsira m'jumbo, nditakoleka pansungwi yoyanikira zovala, kudutsa pampanda mpaka pazenera lake lazitsulo.

Lachitatu, nditamutambasulira nsungwi ija, anaigwira osaisiya.

"Bu Koyah, mawa ndi tsiku lomaliza. Pitani inuyo. Mukangonena zimene munandimva ndikukuwa."

"Akandifunsa kuti analiza mzati ndani?"

"Mukanene."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, mwananga. Ndende ndingaithe ine?"

"Pak Engkos ali ndi makumi asanu ndi limodzi."

Ndinakoka nsungwi yanga. Ndinamukwiyira mtsikana ameneyu tsiku limenelo, monga timamukwiyira munthu amene akunena zoona.

Lachinayi m'mawa ndinapita kumsika kukagula ulusi ndi mabatani. Ndinabwerako chamma leveni, n'kupeza Nambala 14 ili monga masiku onse, loko pageti, makatani otseka. Ndinakhala pamakina. Mapemphero a masana atangotha, dzuwa likuswa mtengo, ndinamva chinthu chikugwa kuti di.

Munthu anali atalumpha geti la Nambala 14. Anavala jekete yakuda, chipewa ndi kansalu pakamwa, thukuta lili kamukamu. Analibe njinga, analibe chikwama, nsapato zake zinali matope a kanjira ka kumudzi. Anagwedeza chitseko, chinakana. Anazula njerwa pamaluwa n'kuyamba kuswa pakiyi.

Ndikulumbira, ulendo uno ndinafunsa. Pak Engkos anali m'mutu mwanga. Ndinasuzumira pazenera n'kunena kuti, "Pak, mukufuna ndani?" Anatembenuka. Maso anali psuu, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anangondilozera ndi njerwa ija kuti ndibwerere m'nyumba, n'kupitiriza kuswa. Ine ndinaganiza za Wartini, wotsekeredwa m'katimo, wopanda kothawira, nthiti zili zotupa. Masabata onsewa ndinali nditamusiya yekha. Ndinati lero lokha sindimusiya. Ndinatuluka n'kuliza mzati ndi mphamvu zanga zonse.

Anthu anatuluka msanga kuposa tsiku lija, ntchito anali ataizolowera. Anyamata a njinga analumpha geti, anamugwira miyendo ndi manja n'kumuponyera kumsewu kudzera pamwamba pa zitsulo zosongoka, jekete inang'ambika pamodzi ndi khungu. Anayesa kudzuka, dzanja lina lili m'mwamba, lina likufuna kuchotsa kansalu kaja. Jajang sanamupatse mpata. Paipi inatera pakamwa, kansalu kanasanduka kofiira.

Zina ndimalakalaka nditaziiwala. Mapaipi onse asanu ndi limodzi analipo. Bondo linathyoka, ndipo mwendo unapindikira kumene mwendo supindikira. Wina anabwera ndi njerwa yomwe ija n'kumugwetsera kumsana. Pak Sobari ankafuula kuti ameneyu ndi uja anaba njinga ziwiri, akumudziwa kayendedwe. Wina ankajambula kuti atumize pagulu, a Nambala 14 aone mmene anansi awatetezera nyumba. Munthuyo anadzipinda, manja ali kumutu. Kenako pakati pa phokoso lonselo anabuula motsitsa, pakamwa podzaza magazi.

"Tini. Tini, tsegula."

Nkhope sindinkaidziwa, koma mawu amenewo ndinali nditadzuka nawo m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi itatu.

Ndinadziponya pakati pawo ndikukuwa kuti ndi mwini nyumba, ndi Pak Darmaji, ndi Nambala 14. Ndinakuwa katatu, kanayi. Chigongono cha wina chinandigunda pachifuwa, ndinagwera m'ngalande. Mayi wa Nambala 9 anandidzutsa n'kumandisisita pamsana, akuti ndisaope, wakubayo sadzukanso. Pamenepo ndinadziwa mmene Wartini anamvera tsiku lija. Anthu anasiya kumenya chifukwa anatopa.

Galimoto ya polisi inalowa patangopita mphindi zochepa, ndipo anthu anadabwa kuti yafulumira bwanji poti panalibe amene anaimba. Kumbuyo kunatsika Wartini ndi Bu Entin. Zinadziwika pambuyo pake kuti ine ndili kumsika, Bu Entin analowa podzera kanjira ka kumudzi n'kukankhira kangolo kake kuseri kwa Nambala 14, Wartini anakwera pathanki yamadzi ya poyanikira zovala n'kutsikira pakangoloko. Asanatuluke, mwamuna wake ataimba foni ya teni koloko, anamuuza mosabisa kuti lero akukanena, kaya loko alipo kaya palibe. Darmaji anathawa kuntchito, anakwera sitima, ndipo potsika mothamanga anaiwala chikwama pashelefu ya pamwamba. Munali zonse: makiyi a njinga, a geti, a nyumba, foni ndi chiphaso. Kuchokera kusiteshoni anathamanga wapansi, kudzera chidule cha kumudzi. Kanali koyamba kuti afike pakhomo pake dzuwa lili pamutu.

Wartini anali atapereka kale umboni wake, ndipo anabwera ndi apolisi kudzawaonetsa pamene pampu inkakhala. Pak Sobari anamuchingamira akupukuta thukuta, akumwetulira.

"Musaope, Bu, tamugwira. Amaswa chitseko chanu."

Wartini anayang'ana nsapato kaye. Ankazipukuta ndi iye m'mawa uliwonse. Anagwada pamsewu n'kuchotsa kansalu kaja pang'onopang'ono, chifukwa kanali katamatirira. Wapolisi anafunsa gulu ngati pali amene akumudziwa munthuyu. Panali anthu oposa makumi atatu, anansi ake okhaokha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuzindikira.

"Ndi mwamuna wanga," anatero Wartini.

Mapaipi anayamba kugwa pansi, anthu n'kumazemba chobwerera m'mbuyo. Darmaji anamwalira asanafike kuchipatala.

Tinamuika Lachisanu, ndipo kumanda kunali amuna ochepa chifukwa ambiri sanapeze tchuthi. Pak Engkos apolisi anamumasula Loweruka, mkono uli lende, pakamwa pali mpata wa mano anayi. Lamulungu masana ndi pamene dera lonse linasonkhana pa Nambala 14 kudzapempherera malemu. Ambiri aka kanali koyamba kulowa m'nyumbamo. Ndinaona amuna akuyang'ana mwakabisira chithunzi cha ukwati pakhoma, munthu wa nkhope yozungulira, wa kandevu kochepa, akumwetulira mwamanyazi. Wina ananong'oneza mnzake kuti, "Kodi ndi ameneyu? Si timakwera naye sitima imodzi?"

Mapemphero atatha Pak Sobari anakhosomola n'kuyamba kulankhula. Anati chakudza sichiimba ng'oma, iyi ndi ngozi, ndipo mtima wa aliyense ukuwawa. Anati apolisi atenga kale Jajang ndi anyamata awiri, zikwanire pomwepo, Bu Wartini asakatchulenso maina ena, pakuti madzi akatayika saoleka.

"Sitinkamudziwa, Bu. Tikanamudziwa sitikanamukhudza ngakhale ndi chala."

Wartini anali atakhala pamkeka, zipsera za lamba zikuonekabe m'khosi pansi pa mpango. Ndinkayembekezera kuti alira, kapena atitukwana. Analankhula ngati akufunsa mtengo wa ndiwo.

"Mwamuna wanga simunkamudziwa, Pak, ndavomera. Iyenso sankakudziwani. Nanga Pak Engkos? Ndi zaka zingati akudutsa pamakomo panu, inu mukumuitana ndi dzina?"

Amayi anayang'ana m'matambula awo a tiyi, amuna anayamba kufunafuna nsapato zawo pakhomo, akuti mawa ndi Lolemba.

M'mawa mwake sitima yoyamba italira ndipo tauni itakhuthuka, kuseri kwa khoma, ku Nambala 14, kunali zii. Ndinatenga mwala uja pazenera, ndinaukulunga m'chigamba n'kuuika m'chikwama. Kupolisi, bambo wa pakauntala anatenga cholembera n'kundifunsa ngati ndabwerera nkhani ya Pak Engkos kapena ya Pak Darmaji.

Ndinaika mwalawo patebulo.

"Zonse ziwiri, Pak. Yambani ndi dzina langa."